Wowerenga amamera ku nazale

Pali mawu awiri omwe ndimawamva kawirikawiri nkhani ya mabuku ikabuka, kaya ndi pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kaya m'minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Muloza. Oyamba ndi akuti buku la zithunzi ndi chidole cha ana a m'tauni, ndipo kholo lanzeru silingataye ndalama pa kabuku ka masamba 20 komwe mwana akamaliza phala lisanazizire n'komwe. Achiwiri ndi akuti munthu wamkulu, wa ndevu zake kapena wa ana ake, sangakhale pansi n'kumawerenga nkhani yopeka, chifukwa zimenezo n'zabodza ndipo bodza silidyetsa banja.

Oyankhula mawu amenewa si mbuli ayi. Ambiri ndi makolo okonda ana awo, omwe amathyola tiyi, kugulitsa nanazi kapena kupalasa kabaza kuti mwana apeze yunifolomu ndi makope. Ena ndi aphunzitsi anzanga. Koma ine ndimaona kuti mawu awiriwa ndi nthambi za tsinde limodzi. Tidazolowera kuti buku ndi la mayeso basi, ndipo lomwe silibwera pa mayeso n'lotayitsa nthawi. Sabata ino ndikufuna nditsutse maganizo amenewa.

Ife a kuno ku Mulanje nazale timaidziwa bwino. Tiyi amene wabiriwira kuchokera ku Chitakale mpaka ku Lujeri sadachite kugwa kumwamba. Adayamba ngati kanthambi kodulidwa, kobzalidwa m'chubu, kosungidwa pamthunzi ndi kuthiriridwa kwa miyezi yambiri kasanapite kumunda. Ngakhale kumundako pamapita zaka munthu asanathyole tsamba lopindulitsa. Palibe mwini esiteti amene amati ndalama za ku nazale n'zotayika poti kumeneko sikuchoka tiyi wogulitsa. Nanga ife bwanji tikufuna kukolola owerenga ku Fomu 4 pomwe sitidathirire kanthu mwana ali wamng'ono? Akale adati m'mera mpoyamba.

Chaka chilichonse ku sekondale timalandira ana a Fomu 1 omwe adakhoza bwino mayeso a Sitandade 8. Ambiri amatha kutchula mawu olembedwa. Mukamupatsa ndime amaiwerenga mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi osapunthwa. Koma mukatseka buku n'kumufunsa kuti, “Tandiuze, munthu uja amaoneka bwanji? Nanga adathawiranji usiku?” mwana amangoyang'ana kudenga. Pakamwa pawerenga koma m'mutu simudaoneke kanthu. Si kuti mwanayo ndi wogona. Palibe adamuzoloweza kuti mawu a papepala amayenera kusanduka anthu, nyumba, mvula ndi mantha m'mutu mwa wowerenga.

Ntchito imeneyi ndiyo ya buku la zithunzi. Mwana asanadziwe a, e, i, o, u amakhala atayamba kale kuwerenga ndi maso. Amaona galu atabisala kuseri kwa nkhokwe pomwe mnyamata wa m'nkhanimo sakumuona, ndipo amafuula kuti amuchenjeze. Amazindikira kuti nkhani imayenda kuchoka kumanzere kupita kumanja, kuti tsamba likatembenuzidwa ndiye kuti nthawi yapita, ndiponso kuti chomwe chachitika pano chikabala china kutsogoloku. Amayamba kulosera: “Ameneyutu agwera m'dzenje!” Akalondola amaseka, akaphonya amadabwa, ndipo zonse ziwiri zimamukoka kuti atsegule tsamba lina. Luso lomweli ndi lomwe timalifuna pa mayeso a MSCE tikamati wophunzira afotokoze khalidwe la mpangankhani kapena apeze mfundo zazikulu za nkhani. Timalifuna ali ndi zaka 18 pomwe nyengo yake yobzala inali ali ndi zaka zinayi.

Makolo athu adalibe mabuku, koma nazale adali nayo. Agogo akati “Padangokhala,” ana n'kuvomera kuti “Tilitonse,” zithunzi zinkachokera m'mawu a agogowo, m'manja mwawo ndi m'malawi a moto. Fisi ankamveka kuyenda, Kalulu ankaoneka akutsinzinira diso limodzi. Mwana ankaphunzira kudikira mapeto, kusunga mayina m'mutu ndi kuyimba nawo pofunika kuyimba. Lero mabanja ambiri agogo ali kumudzi, ana ali ku malayini a esiteti kapena pa renti ku Boma. Madzulo mwana amathera m'chinyumba choonetsera mafilimu kapena pa foni ya mlongo wake. Kanema ndilibe naye chifukwa, koma iye amamutafunira mwana zonse, mwana n'kungomeza. Buku la zithunzi limamupatsa theka, theka linalo amalize yekha. Ndi nthano ya agogo ija yomwe yakwera papepala.

Ambiri a ife amene tikulera ana panopa tidalowa sukulu boma litangoyambitsa pulayimale yaulere mu 1994. Chaka chimenecho ana m'sukulu za pulayimale adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, ndipo ena a ife sitikadafika pomwe tili pakadapanda chimenecho. Koma tidaphunzira pansi pa mitengo, buku limodzi tikuliunjikirana ngati nkhuku pa chipwete, ndipo belu likalira bukulo linkabwerera m'kabati. Buku lathulathu, lopita nalo kunyumba n'kugona nalo, sitidakhale nalo. Munthu sapatsa mwana wake chomwe iye sadachilawe. Ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga yomwe idayamba mu 2016 yathandiza kuti ana a makalasi oyamba aziphunzira maliwu ndi maphatikizo mwadongosolo, ndipo aphunzitsi a ku pulayimale ndimawavulira chipewa. Komabe buku la m'kalasi ndi nsima. Mwana amafunanso ndiwo kuti nsimayo itsike.

Amene akukayikabe mphamvu ya chithunzi akumbukire William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 adasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. Adayamba kupita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale ya kwawo, komwe adapeza buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsamira kwambiri pa zithunzi ndi zojambula za m'mabuku a sayansi omwe ankabwereka. Mapeto ake adamanga makina opanga magetsi kuchokera ku ziphakasa za njinga ndi zitsulo zotola kudzala. Mbiri yake idatuluka mu 2009 m'buku la akuluakulu la The Boy Who Harnessed the Wind lomwe adalemba ndi Bryan Mealer. Mu 2012 nkhani yomweyo idatulukanso ngati buku la zithunzi la ana, wojambula wake Elizabeth Zunon, ndipo mu 2019 idakhala filimu. Taonani zinthu ziwiri apa. Chithunzi chidatsegulira khomo mnyamata yemwe mawu adamutsekera. Ndipo anzathu akunja adaona kuti nkhani imodzi ya Mmalawi ikuyenera kufika kwa mkulu ndi kwa mwana yemwe, aliyense pa msinkhu wake.

Tsono funso lalikulu ndi lakuti, mabuku a zithunzi ake ati? M'sukulu zambiri za kumudzi zomwe ndafikako muli makatoni a mabuku ochita kupatsidwa ndi abwenzi akunja. Tiyenera kuthokoza, ndipo ena mwa mabukuwo ndi abwino zedi. Koma tsegulani muone. Ana ake akusewera m'chipale chofewa, akudikira mphatso pansi pa mtengo wa m'nyumba, galu akugona pabedi. Mawu onse ndi a Chingerezi cha ana obadwa nacho. Mwana wa kwa Mabuka kapena wa ku Nkando akalitsegula amaphunzira phunziro lomwe palibe adafuna kumuphunzitsa: kuti m'buku mumakhala anthu ena, osati iye. Wolemba wa ku Nigeria, Chimamanda Ngozi Adichie, adafotokozapo mu 2009 kuti ali mwana nkhani zomwe ankalemba zinkadzaza ndi azungu odya maapozi ndi osewera m'chipale, chifukwa ndiwo adawapeza m'mabuku. Chinua Achebe, mkulu wa olemba a mu Africa, sadaone ngati kudzichepsa kulembera ana. Mu 1966 adatulutsa Chike and the River, nkhani ya mnyamata wolakalaka kuwoloka mtsinje wa Niger, kuti ana a kwawo adzione okha m'buku.

Sindikunena kuti mwana wathu asaone za kutali. Aone, dziko ndi lalikulu. Koma munthu amayamba wadziwa pakhomo pake asanapite kukacheza kwa eni. Ndipo chondiwawa n'chakuti zokongola za pakhomo pathu ena adaziona ife tisanazione. Mu 1990 mayi wa ku America, Karen Lynn Williams, yemwe adakhalako kuno ku Malawi, adatulutsa buku la zithunzi lotchedwa Galimoto, wojambula wake Catherine Stock. Ndi nkhani ya mnyamata Kondi yemwe tsiku lonse akusakasaka mawaya kuti apange galimoto yake. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Ana a ku America akhala akuliwerenga kwa zaka zoposa 30. Mnyamata aliyense wa kuno adapindapo waya, koma ndi angati a ife tidaganizapo kuti zimenezo n'zoyenera kulowa m'buku?

Mulanje yekhayu angadzaze shelefu. Kamtsikana komwe kakufuna kudziwa chomwe chili pamwamba pa Sapitwa, pa mamita 3,002, pomwe agogo ake amakaletsa ngakhale kuloza. Mnyamata yemwe bambo ake amanyamula katundu wa alendo kuchokera ku Likhubula, ndipo tsiku lina amutenga. Nanazi yemwe wagwa m'dengu pa njinga n'kugubuduzika mpaka pa msika wa Limbuli. Mbande ya mkungudza yomwe ikuopa moto wolusa. Mwana yemwe amayi ake amadzuka kusanache kukathyola tiyi, iye n'kumawerenga madengu podikira. Nkhani zotere zilembedwe m'Chichewa chomwe mwana amayankhula pakhomo, zina m'Chilomwe ndi m'Chiyao. Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala anthu amasonkhana kwa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ndipo amadandaula kuti ana sakuchidziwa Chilomwe. Magule ndi abwino, kalongonda ndi wokoma, koma mwana akadachokako ndi kabuku ka zithunzi ka Chilomwe m'manja, chiyankhulocho chikadamutsata mpaka kunyumba.

Pano ndilankhule ndi olemba athu, chifukwa nawonso ali ndi gawo lawo. Mabuku ambiri a ana omwe timalemba tokha ali ndi nthenda imodzi: kulalikira. Tsamba loyamba mwana sadasambe m'manja, lachiwiri watsegula m'mimba, lachitatu adokotala akumulangiza, lomaliza mawu akuluakulu akuti tizisamba m'manja. Uthengawo ndi woona, koma limenelo ndi positala ya kuchipatala yomwe yangosokedwa pakati. Mwana amanunkhiza ulaliki patali ngati momwe amanunkhizira mankhwala obisidwa m'phala. Buku lotero amaliwerenga kamodzi chifukwa aphunzitsi anena. Buku labwino ndi lomwe mwana amakuvutitsa nalo usiku uliwonse kuti, “Mundiwerengerenso,” mpaka chikuto kuthothoka.

Nthenda ina ili pa zithunzi. Mawu akati “Mphatso akutunga madzi,” chithunzi n'kungoonetsa Mphatso akutunga madzi, ndiye kuti wojambula wangobwereza zomwe wolemba wanena kale. Wojambula waluso amaikapo chule yemwe walowa m'ndowa Mphatso osadziwa. Mawu sanena za chuleyo, koma mwana wamuona, ndipo akuyembekeza mwachidwi kuti kunyumba kukachitika zotani. Pamenepo mwana amadziwa chinthu chomwe mpangankhani sakuchidziwa, ndipo kukoma kwa nkhani zonse, za ana ndi za akulu zomwe, kumayambira pomwepo.

Tisaopenso kuwauza ana zinthu zowawa. Makolo athu sankaopa. Nthano ya Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi yemwe mdani wake inali mvula, si yoseketsa ayi, koma ndani adaimva ali mwana n'kuiiwala? Ana a kuno adaona ndi maso awo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Adaona madzi ndi miyala zikutsika m'phiri, adagona m'makalasi, ena adataya abale. Ambiri mpaka lero mvula ikachita mdima amakhala chete modabwitsa. Malemu Steve Chimombo adatenga Napolo n'kumulowetsa m'ndakatulo za akuluakulu, ndipo buku lake la Napolo Poems lidatuluka mu 1987. Tikufunika wina atenge Napolo yemweyo amulembere mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, mofatsa ndi moona, kuti mwanayo apeze mawu otchulira chomwe chimamuopsa. Mantha omwe ali ndi dzina amapepukako.

Tsopano tifike kwa akuluakulu aja amati nkhani yopeka ndi bodza. Abale anga, bodza ndi lomwe munthu amanena kuti akupusitseni. Wolemba nkhani amakuuziranitu kuti wapeka, ndipo amapekera kuti muone choona chomwe mukadachikana akadakuuzani maso ndi maso. Amene timawerenga Baibulo tikudziwa zomwe mneneri Natani adachita kwa mfumu Davide. Sadafike n'kumuloza chala. Adamufotokozera za munthu wolemera yemwe adalanda kankhosa kamodzi ka mmphawi. Davide adapsa mtima n'kuweruza mlanduwo, osadziwa kuti akudziweruza yekha. Kankhosa kaja kadalibe khola lenileni ku Yerusalemu, koma kodi Natani adanama?

Chichewa chili ndi nkhani zotere kuyambira kale. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adatulutsa Nthondo mu 1933, ndipo adapambana nayo mphoto pa mpikisano wa olemba m'ziyankhulo za mu Africa. Chaka chotsatira Cullen Young adaimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa. Ndi moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira: mnyamata wovuta ndi wakuba, wochoka pamudzi kukasaka ntchito kutali, wobwerera n'kudzalongedwa ufumu, kenako n'kutembenuka mtima. Papita zaka zoposa 90, koma pitani ku Wenela mukaone anyamata okwera basi ya ku Joni ndi kachikwama kamodzi. Mudzamupeza Nthondo ali pamzere. Mayi amene mwana wake ali ku Johannesburg ndipo wasiya kuimba foni akawerenga bukuli sanganene kuti ndi bodza.

Pambuyo pa Nthara padabwera ena. John Gwengwe adatipatsa Sikusinja ndi Gwenembe, E. J. Chadza adatipatsa Kokha Mcheperawakalulu, Josiah Phiri adatipatsa Kalenga ndi Mnzake. Kenako kudali Willie Zingani ndi Njala Bwana komanso Madzi Akatayika, Jolly Max Ntaba ndi Mtima Sukhuta komanso Ikakuona Litsiro Sikata, ndiponso Whyghtone Kamthunzi ndi Agnesi ndi Mphunzitsi Wake. Makampani monga Popular Publications ya ku Limbe, CLAIM ndi Dzuka ankasindikiza nkhani zotere, ndipo akuluakulu athu amatiuza kuti buku limodzi linkayenda nyumba ndi nyumba mpaka masamba kuda bii. Funsani munthu wa zaka za m'ma 50 za mabuku amenewa muone momwe nkhope yake iwalire.

Ndipo ngati zolembalemba zili zopanda mphamvu, bwanji maboma ankhanza amaziopa? Dziko lino lidakhazikitsa lamulo lounika ndi kuletsa mabuku mu 1968. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Smouldering Charcoal ya Tiyambe Zeleza, yomwe idatuluka mu 1992, imaonetsa mabanja awiri, lina losauka lina la ophunzira, akuphwanyidwa ndi ulamuliro umodzi womwewo. Buku la mbiri lingakuuzeni chaka chomwe zipani zambiri zidabwerera. Nkhani yopeka imakulowetsani m'nyumba ya mayi yemwe mwamuna wake adatengedwa usiku, mumve momwe ankamvera galimoto ikaima panja. Achinyamata obadwa pambuyo pa 1994 akufunika zonse ziwiri.

Nanga lero zili bwanji? Nkhani yopeka yasanduka chakudya cha mayeso. Wosindikiza amadziwa kuti buku lomwe lalowa pa silabasi ligulidwa, lomwe silidalowe lidya fumbi, choncho wolemba watsopano amauzidwa kuti adikire. Ophunzira nawo apeza njira yachidule: timabuku ta manotsi tofotokoza mwachidule nkhani yonse, apangankhani ndi mfundo zake. Mwana angathe kuloweza zimenezo n'kukhoza mayeso bukulo osalitsegula. Ali ngati munthu woloweza mayina a ndiwo zonse za pa ukwati koma osalawa ngakhale nthuli imodzi. Akalemba pepala lomaliza amatsazikana ndi mabuku moyo wake wonse, ndipo mawa ndiye kholo lija lonena kuti buku la zithunzi n'kutaya ndalama. Gudumu limazungulira motero.

Koma musanamizidwe kuti Amalawi sakonda nkhani. Onani momwe anthu amathamangira tsamba la nkhani yaifupi m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata. Onani nkhani za m'magawomagawo za Chichewa pa Facebook ndi pa WhatsApp, momwe anthu amakalipira wolemba akachedwa kutulutsa gawo lotsatira. Mverani m'minibasi momwe amakambirana za sewero la pa wailesi ngati anthu ake ndi a m'mudzi mwawo. Njala ilipo. Chosowa ndi chakudya chophikidwa bwino ndi njira yochifikitsira kwa anthu.

Ndati chophikidwa bwino chifukwa nthenda ya ulaliki ija yafikanso ku nkhani za akulu. Mtsikana akangovala buluku pa tsamba loyamba, mumadziwiratu kuti pofika kumapeto atenga mimba, adwala, amwalira, ndipo wolemba aimirira pa manda n'kutiuza phunziro. Mwamuna wolemera nthawi zonse ndi wokhwima, apongozi nthawi zonse ndi mfiti, wopita kutauni nthawi zonse amabwerako ali m'bokosi. Moyo suyenda choncho, ndipo wowerenga wamkulu amadziwa. Ine ndikulakalaka nkhani yaitali ya kapitawo wa pa esiteti yemwe amakonda antchito ake koma ndi yemweyo ayenera kuwadula malipiro. Ndikulakalaka ya mphunzitsi womangidwa ndi katapila yemwe m'kalasi akuphunzitsa za kusunga ndalama. Ya mayi wogulitsa malonda pa Muloza yemwe ali ndi abale mbali zonse ziwiri za malire. Anthu otere si angelo, si ziwanda, ndi ife. Wolemba atisiyire mlanduwo tiweruze tokha monga Natani adamusiyira Davide.

Ndikudziwa yankho lomwe ambiri mwakonza: ndalama. Ndipo mukunena zoona. Kholo lomwe likusankha pakati pa ndowa ya chimanga ndi buku lisankhe chimanga, ndipo palibe angalidzudzule. Kusindikiza zithunzi zamitundu n'kodula, mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo malo ogulitsira mabuku a nkhani kunja kwa mizinda ikuluikulu ndi osowa. Koma kusowa kwa ndalama kusatimange manja pa zomwe tingathe.

Choyamba, buku la zithunzi tingalipange tokha. Mapepala anayi a A4 mukawapinda pakati amapereka masamba 16. Sokani pakatipo ndi ulusi, chikuto mudule ku katoni ya sopo. Tsamba lililonse chiganizo chimodzi kapena ziwiri, malembo akuluakulu, chithunzi cha pensulo kapena chekeni. M'kalasi iliyonse ya Fomu 3 muli mwana yemwe amajambula kumapeto kwa kope lake aphunzitsi akuphunzitsa, ndipo timamukalipira. Mpatseni mnzake wodziwa kusimba nkhani, awiriwo apange buku, akaliwerengere ana a Sitandade 1 pa sukulu yoyandikana nayo. Wamng'ono wapeza buku la m'chiyankhulo chake lonena za mudzi wake. Wamkulu waphunzira chiyambi, pachimake ndi mathero a nkhani kuposa momwe manotsi akadamuphunzitsira. Pano pa Mulanje Mission pulayimale, sekondale, tchalitchi ndi chipatala zili moyandikana, ndipo malo ambiri a mishoni m'dziko muno ali chimodzimodzi. Mtunda wonyamula kabuku kuchoka ku Fomu 3 kupita ku Sitandade 1 ndi wa mphindi zochepa.

Chachiwiri, amene muli ndi foni za intaneti dziwani kuti bungwe la Saide la ku South Africa lidayambitsa African Storybook mu 2014, komwe kuli nkhani za zithunzi zaulere m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chomwe. Bandulo yomwe imathera pa mavidiyo oseketsa ingatsitse nkhani zingapo zoti muwerenge ndi mwana madzulo. National Library Service, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, yakhala ikutulutsa mabuku a ana otchedwa Werengani. Akomiti a sukulu ndi a mkombaphala agogode kumeneko afunse.

Chachitatu, mabuku apite komwe ana ali kale. Ku sikelo amayi amakhala pamzere nthawi yaitali ana ali pamiyendo. Ku Sande sukulu, ku madrasa ndi ku mkombaphala ana amasonkhana sabata iliyonse. Kabokosi ka mabuku khumi pa malo otere kangagwire ntchito yoposa laibulale yokhoma ndi loko. Inde, ena adzang'ambika. Buku long'ambika ndi manja a ana lagwira ntchito yake, lomwe lili latsopano m'kabati patatha zaka zisanu ndilo lawonongeka. Magulu a banki mkhonde nawo, pogawana ndalama kumapeto kwa chaka, angapatule kangachepe n'kugula nkhani ziwiri za Chichewa zoti mamembala azibwerekana. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu makolo amene sukulu idakudutsani, musadzione ngati nkhaniyi si yanu. Buku la zithunzi ndi lokhalo lomwe kholo losadziwa kuwerenga lingawerenge ndi mwana wake popanda manyazi. Muikeni pamiyendo, lozani chithunzi, mufunseni kuti, “Uyu akupita kuti? Ukuganiza kuti achita chiyani?” Mawu mupeke nokha, pakuti kusimba nthano mudakudziwa kale. Mwana sadzakumbukira kuti mudalumpha malembo. Adzakumbukira kuti buku linkabwera pamodzi ndi fungo la chitenje cha amayi ake, ndipo adzalikonda chifukwa cha chimenecho.

Kwa aphunzitsi anzanga, ana atione tikuwerenga buku lomwe silili pa silabasi. Atione tikuseka tokha pansi pa mtengo nthawi yopuma, afunse chomwe chatiseketsa, tiwabwereke. Kwa abambo amene mumati nkhani yopeka ndi ya anthu osowa chochita, yesani imodzi yokha mwezi uno. Bwerekani Nthondo kwa mwana wanu wa ku sekondale muwerenge madzulo atatu. Mukapanda kupezamo munthu yemwe mukumudziwa, lembani kalata ku tsamba lino munditsutse, ndipo ndidzaiyankha.

Inunso awerengi ena tiuzeni: ndi buku liti lomwe lidakugwirani mtima muli ana, ndipo lidafika bwanji m'manja mwanu? Nanga ndi nkhani iti ya kwanuko yomwe mukuona kuti ikuyenera kujambulidwa ana asanaiiwale? Tikumane sabata ya mawa.